M'mawa Umene Mayi Aang'ono Anasesa Mzinda wa Pompeyi

Ntchito yanga yoyamba yabwino ku Dubai inali yolondera mzinda wakufa. Ndikanena choncho anthu kwathu amaganiza kuti ndinali mlonda wa kumanda, koma ayi. Unali mzinda wongopanga, womangidwa m'kati mwa chinyumba chosungiramo katundu ku Al Quoz, pakati pa galaja ya magalimoto ndi fakitale ya mafelemu a mawindo. Kampani ina ya ku Ulaya inachita lendi chinyumbacho m'nyengo yozizira n'kuikamo chionetsero cha Pompeyi, mzinda wa ku Italy umene unakwiririka ndi phulusa phiri la Vesuviyo litaphulika zaka pafupifupi zikwi ziwiri zapitazo. Ine ndinkaima pakhomo, yunifolomu yosita bwino, wailesi ya m'manja pa lamba, n'kumauza ana a sukulu kuti asagwire zinthu. Ankagwirabe.

Ukalowa m'katimo unkapeza msewu wa miyala, malo otungira madzi ouma gwa, ndi kanyumba kophikiramo buledi kokhala ndi uvuni wake. Pa thebulo la wophikayo panali buledi wozungulira, wakuda bii ngati makala. Pa makoma panali polembalemba, ndipo ankati ena mwa mawuwo anali otukwana anthu oyandikana nawo nyumba, zomwe zinandisangalatsa kwambiri chifukwa ndinadziwa kuti anthu akalewo anali anthu ngati ife. Kumapeto kwa msewu kunali chipinda chamdima pang'ono momwe munagona zoumba zoyera za anthu. Ndipo ponseponse, mumsewu, pa mathebulo, m'makona, panali phulusa.

Phulusa limenelo silinali la pamoto wamba. Linabwera pa sitima ya pamadzi m'matumba, losakaniza ndi timiyala topepuka totuwa, ndipo bwana wathu anatha masiku akuliyala yekha ndi kaburashi, atagwada. Bwanayo anali mayi wa ku Italy, wamfupi, wa imvi zometa mwachinyamata, woyenda mothamanga ngati wasiya mphika pamoto. Tonse tinkangowatchula kuti Madamu. Munthu akaponda phulusa lawo molakwika, Madamu ankatulukira kaya kuchokera kuti.

Ndinkalondera limodzi ndi mnzanga wa ku Chipata, munthu wosatha kukhala chete ngakhale m'kamwa muli chakudya. Popeza mawu ofotokoza mbiri ya mzindawo ankalira pa zokuzira mawu tsiku lonse, m'Chingerezi ndi m'Chiarabu, ndi kugunda kwa phiri komwe, tinailoweza mbiriyo osafuna. Ndiye pa nthawi ya nkhomaliro, titakhala pa makatoni kuseri kwa chinyumbacho ndi paratha, chapati cha Amwenye, ndi tiyi wa mkaka wotchedwa karaki, mnzangayo anayambitsa masewera ake.

"Mudala, ganiza chabe," ankatero. "Ngati phiri ija siinapolike, sembe vinthu vinayenda bwanji?"

"Ukanakhala uli ku Chipata ukugulitsa matumba a makala," ndinkamuyankha.

"Iyayi, siya za ine. Nikamba za uja wa buledi."

Wophika bulediyo tinamulemeretsa. Phiri likanapanda kuphulika, buledi uja akanatuluka mu uvuni bwinobwino, akanagulitsidwa asanazizire, ndipo mwiniwake akanatsegula malo achiwiri. Zidzukulu za zidzukulu zake lero zikanakhala ndi kafiteriya ku Karama, dera lina la mu Dubai momwemo, zikupikisana ndi Amwenye a ku Kerala. Uja wotukwana pa khoma akanagwidwa ndi mwini nyumba n'kulamulidwa kupaka laimu khoma lonse. Nyumba zonse zija akanazigumula okha, miyala n'kumangira zina, kenako zina, mpaka pamalopo pakanakhala mafulati a mdadada, chipinda chimodzi chogawidwa ndi makatani, anthu akugona pa mabedi osanjikiza ngati ife. Apa ndinkalankhula zomwe ndinaona, chifukwa nyumba imene ndinabadwiramo palibe phiri linaigwetsa. Tinaigumula tokha, njerwa n'kumangira khitchini ndi khola la mbuzi.

Mnzangayo mfundo yake inali imodzi ndipo ankaikonda. "Waona manje? Phiri ija inawathandiza. Ma tauni yonse yamene siyanakwiririke, ndani ayadziwa? Aba beve dziko lonse liwadziwa, mpaka ise tidyelapo." Ine ndinkamutsutsa tsiku lina, tsiku lina n'kuvomereza, malingana ndi amene wagula tiyi.

Tsopano ndifike pa mayi aang'ono, mng'ono wa mayi anga. Iwo anafika ku Dubai ine ndisanafike, n'kumagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina, mpaka banjalo linasamukira kudziko lina. Atavutika ndithu anapeza malo ku kampani yokonza m'maofesi, koma anali adakali pa miyezi yoyesedwa. Pa miyezi imeneyo kasitomala akangodandaula kamodzi, kampani ija sinkafunsa zambiri. Viza inkathetsedwa, munthu n'kuperekezedwa ku bwalo la ndege. Kwa wina kumeneko n'kubwerera kumudzi basi, koma mayi aang'ono kumudzi kunalibe kobwerera. Pamene panali nyumba yawo, m'tsinde mwa phiri lina ku Chiradzulu, pali miyala ikuluikulu imene inatsika ndi matope chaka cha namondwe uja. Nkhani imeneyo pabanja pathu sitinkaikamba, ndipo iwo sankaiyamba.

Chimene aliyense ankadziwa za mayi aang'ono n'chakuti akaona fumbi amadwala. Tikakumana ku Karama tsiku lopuma, moni ankabwera pambuyo. Choyamba ankandigwira kolala, kuitembenuza, n'kupukusa mutu. Ankatha kulowa m'lesitilanti n'kupukuta thebulo ndi kansalu kawo woperekera zakudya akuyang'ana. Choncho nditamva kuti kampani yawo yawatumiza kuti azidzakonza kwathu kuno m'malo mwa mtsikana wa ku Nepal amene anamusamutsa, ndinasangalala komanso ndinasita yunifolomu kawiri.

Tsiku loyamba anafika m'mawa, zitseko za alendo zisanatsegulidwe, Madamu asanafike. Ndinawaonetsa polandirira alendo, zimbudzi ndi kachipinda kosungiramo matsache. Ndinali pafupi kuwafotokozera za mzinda wa m'katimo pamene lole ya madzi akumwa inaima mopingasa pageti, dalaivala wake n'kuyamba kukangana ndi anyamata a kugalaja. Ndinathamangira kumeneko. Mkangano wa Chiurdu, Chiarabu ndi Chingerezi chothyokathyoka sutha msanga, makamaka mlonda akamafuna kuti aoneke kuti ndi mlonda. Kenako panafika ena odzakonza makina oziziritsira mpweya, nawonso ofuna kuwaperekeza padenga. Za mayi aang'ono ndinaiwaliratu.

Amene anandikumbutsa ndi mnzanga wa ku Chipata. Anabwera akuthamanga, akuseka koma maso ali ndi mantha.

"Mudala, bwela uone! Amai bako bapulumutsa Pompeyi!"

Ndinathamangira m'katimo. Msewu wonse unali mbee. Miyala inali itakolopedwa ndipo inkanyezimira. Potungira madzi panali patakwechedwa, uvuni wapukutidwa, mathebulo ali waliwali. Buledi wakuda uja anali ataunjikidwa mu ndowa pakona. Ngakhale mawu otukwana pa khoma anali atayesedwa ndi sopo, kungoti utoto wake unali wolimba. Pakati pa msewu panaima mayi aang'ono, mpango womanga bwino, tsache m'manja, thukuta lili kamukamu, nkhope ya munthu amene wagwira ntchito yooneka.

"Mwanawe, anthu a kuno ndi auve," anatero. "Malo okongola chonchi n'kumawasiya ngati pakhomo pa mbeta? Ndipo buledi uyu anapserera liti? Munthu angadye zimenezi?"

M'maganizo mwanga ndinkaona kale ndege yowabweza kumudzi ija. Komabe ndinene zoona, msewuwo unali wokongola. Ndinali nditaulondera kwa milungu ndithu, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinauona ngati malo okhala anthu. Unkaoneka ngati eni ake angotuluka pang'ono, mwina apita kumsika, ndipo abwera posachedwa. Mnzanga uja anandinong'oneza kuti masewera athu aja mayi aang'ono awachita ndi manja.

Madamu atafika anaima pakhomo la msewu, chikwama chili paphewa. Anayang'ana uku ndi uku. Kenako pakamwa pawo panatuluka Chitaliyana chambiri, chothamanga, manja akuuluka m'mwamba. Atatopa anakhala pansi pa mwala wina wa mumsewumo n'kugwira mutu. Anandiyang'ana ine, popeza ndine ndinali ndi makiyi, n'kufunsa m'Chingerezi funso limodzi lokha: phulusa lawo lili kuti?

Ndinatembenukira kwa mayi aang'ono ndikukumbukira kuti galimoto ya zinyalala inali itadutsa kale m'mawa umenewo.

"Mayi, akufunsa phulusa. Mwataya?"

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Phulusa ndingataye bwanji, iwe? Unakulira kuti? Lili kuseri uko m'matumba. Ndachotsamo mapepala a switi amene ana anaponyamo. Ndimati ndiwapemphe bwanawa kathumba kamodzi kokakwechera mapoto kumene tikugona, mapoto a atsikana aja ndi omvetsa chisoni. Timiyala topepukato ndaika patokha, n'tabwino kukwechera zidendene."

Ndinamasulira zonse, mpaka za zidendene. Madamu anandiyang'ana, anayang'ana mayi aang'ono, kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka misozi, ndipo sindikudziwa ngati misozi yonseyo inali ya kuseka. Atadzuka anayenda mumsewu muja pang'onopang'ono, koyamba kuwaona akuyenda osathamanga, akujambula ndi foni uku ndi uku. Anaima nthawi yaitali pa uvuni. Atamaliza anaomba m'manja.

"Yalla, tiyeni! Bwezerani zonse!"

Tsiku limenelo tinakhala phiri ndife. Mnzanga wa ku Chipata anakwera pa makwerero ndi thumba la phulusa, akuwaza kwinaku akugunda ndi pakamwa, mpaka Madamu anamuuza kuti phiri lenileni silinali laphokoso chotero. Ine ndinabwezera buledi pa thebulo. Madamu anagwada ndi kaburashi kawo. Mayi aang'ono ankawaza phulusa ndi dzanja limodzi, nkhope atayang'ana kumbali, akudandaula kuti chibadwire sanalembedwepo ntchito yodetsa nyumba. Tinatsegula mochedwa, tonse titatuwa ngati tachokera kuchigayo. Madamu sanaimbe foni ku kampani ija. Anangondiuza kuti ndiwafotokozere bwino mayi aang'ono kuti tsache lawo lizithera pakhomo la msewu, ndipo m'katimo azingopukuta magalasi ndi zingwe zotchingira alendo. Kathumba ka timiyala anawapatsa.

Kuyambira pamenepo mayi aang'ono analowa m'gulu lathu la nkhomaliro, chifukwa basi ya kampani yawo inkabwera masana. Anabweretsa kusintha. Makatoni okhalira anayamba kukunthidwa, ndipo m'manja tinkasamba ndi sopo iwo akuyang'anira. Masewera athu anawakonda, koma ankawasewera mwa njira yawoyawo. Mnzanga akamanena za mafumu ndi nkhondo, zoti mwina mzindawo ukanakula n'kuposa Roma, iwo ankafunsa za madzi. Ankafuna kudziwa kuti akazi a kumeneko ankachapira kuti, ankayanika pati, ndiponso ngati wophika buledi uja anali ndi mkazi, chifukwa uvuni wake sunkaoneka ngati wa munthu wokwatira.

"Likanapanda kuphulika," anatero tsiku lina, "mkazi wa m'nyumba yapakona ija akanasamuka ndithu. Khomo loyang'anizana ndi potungira madzi? Miseche yonse ya mumzinda ikanamathera pakhonde pake."

"Kansi amai mwakhala kale ku Italy?" anafunsa mnzanga.

"Pachitsime ndi pachitsime, mwanangu, kaya ndi kuti."

Tinkaseka kwambiri masiku amenewo. Ndikawakumbukira ndimamva fungo la karaki ndi la girisi wa kugalaja, ndipo ndimawasowa.

Tsiku lina, tikudya chomwecho, mayi aang'ono anandifunsa za zoumba zoyera za m'chipinda chomaliza. Ankazitcha zidole. Ankadabwa kuti woumbayo bwanji sanaziimike kapena kuzikhazika pa mipando, m'malo mozigoneka pansi mosalongosoka. Makamaka ankanena za chimodzi, cha mkazi wogona chammbali, mkono uli kumaso, ndi kamwana pafupi naye. Ine, ponyadira mbiri imene ndinailoweza, ndinafotokoza zonse. Ndinati phulusa litagwa linauma mozungulira matupi a anthu. Matupiwo anatha, koma m'phulusamo munatsala mphako zooneka ndendende mmene munthu anagonera pomwalira. Okumba atabwera patapita zaka zambirimbiri anathiramo pulasitala m'mphakozo, ndipo chinatuluka ndi chimenecho. Zathuzi zinali zongotengera pa zenizenizo.

Mayi aang'ono anasiya kutafuna. Mnzanga, amene sankadziwa za ku Chiradzulu, anaponyapo mfundo yake yokondedwa ija, yoti phiri linawathandiza anthuwo kutchuka. Iwo anangomuyang'ana, osakwiya, mpaka iye anazindikira yekha kuti waponda polakwika n'kuyamba kusakasaka chivindikiro cha botolo lake. Paratha wawo anamukulunga m'pepala n'kumuika m'chikwama. Basi itabwera anakwera osanditembenuza kolala.

M'mawa wotsatira Madamu anapeza mkazi uja ndi kamwana kake atafunditsidwa chitenje. Chinali chitenje chabwino cha mayi aang'ono, chabuluu cha maluwa achikasu, chimene ankayenda nacho m'chikwama. Anachiyala bwino kuyambira kumapazi mpaka kumutu, m'mphepete atapinda mosamala, osaponda phulusa ngakhale pang'ono. Madamu anachichotsa, anachipinda, n'kundipatsa kuti ndibweze kwa mwiniwake. Koma m'mawa winawo chitenje chinabwereranso, ndipo tsiku lina gulu la alendo linalowa chisanachotsedwe, ena n'kuyamba kufunsa ngati nsalu za maluwa achikasu zinaliko kale ku Roma.

Ndinawachonderera mayi aang'ono. Ndinawakumbutsa za miyezi yoyesedwa, za viza, za ndege. Ndinati, "Mayi, tinapulumuka kamodzi, kachiwiri sitipulumuka. Mukapita kuti?" Anandiyankha kuti ndapsereza kolala ndi simbi, ndipo ndizichepetsa moto.

Madamu anatiitana tonse awiri m'chipinda chomaliza chija, alendo asanayambe kulowa. Chitenje chinali m'dzanja limodzi, foni m'dzanja linalo, ndipo pa foniyo ndinaona nambala ya kampani ya mayi aang'ono itatsegulidwa kale. Sanakuwe ngati tsiku la phulusa, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukuwa. Anati nkhani ya phulusa inali ngozi ndipo anaikhululuka, koma iyi si ngozi. Anati chionetserochi ali nacho udindo ndi iwo, sangalole aliyense kuwonjezamo zake, ndipo zikachitikanso, khalas, ndiye kuti zatha.

Ine ndinatembenukira kwa mayi aang'ono n'kuyamba ntchito yanga ya ukazembe. "Akuti chitenje chanu n'chokongola kwambiri, ndipo akuyamikira mtima wanu, kungoti..."

"Khalas ndamumva ndekha," anandidula. "Ndakhala m'nyumba ya Aarabu ine, usandipusitse. Tsopano uwauze zanga, ndipo uwauze mmene ndikunenera. Usathiremo shuga."

Anayang'ana Madamu m'maso, osati ine, n'kuyamba kulankhula pang'onopang'ono kuti ndizitha kutsatira.

"Uwauze kuti phiri ndikulidziwa. Lathu silinabwere ndi moto, linabwera ndi matope ndi miyala. Ine ndinali kuno, ndikutsuka mbale za eni ake. Nditafika kumudzi ndinapeza anthu akukumbabe ndi makasu. Ena anapeza awo, anawasambitsa, anawakulunga m'nsanda, anawaika monga munthu amaikidwira. Ine bambo ako aang'ono ndi mwana wanga wotsiriza sindinawapeze mpaka lero. Nsalu ndinagula, koma woti ndimufunditse panalibe. Tsono awa anawapeza. Munthu wapezeka, ndiye n'kumusiya pamtunda chonchi, usiku ndi usana?"

Ndinamasulira. Chingerezi changa chinkagwa m'njira, chifukwa mwana ankanenedwayo ndinamuberekapo kumbuyo ali wakhanda, ndipo aka kanali koyamba kumva mayi aang'ono akumutchula chichitikireni zija. Shuga sindinathiremo.

Madamu anayankha mofatsa kuti zimenezi si anthu, ndi pulasitala chabe, woumbidwa m'fakitale chaka chathachi, ndipo mulibe fupa ngakhale limodzi.

"Ndikudziwa kuti ndi pulasitala," anayankha mayi aang'ono. "Ndinamupukuta ndekha tsiku lija. Koma kagonedweko ndi kake. Mkonowo anauika kumaso yekha."

Madamu anaika foni m'thumba. Anatiuza chinthu chimene sitinkachidziwa, kuti iwo anakulira moyang'anizana ndi phiri lomwelo la Vesuviyo, ankaliona pawindo akamadya, ndipo mayi awo okalamba akadali komweko, amakana kusamuka. Anati anthu ayenera kumuona mkaziyo mmene alili, chifukwa akabisika ndiye kuti wakwiriridwa kawiri. Mayi aang'ono anamvetsera, n'kuvomera ndi mutu kuti mfundoyo ndi yomveka. Koma sanabwerere m'mbuyo, ndipo Madamu nawonso sanabwerere. Anangoyang'anizana akazi awiri aafupi aja, ine pakati ndi wailesi yanga yopanda ntchito.

Amene anapeza njira ndi Madamu. Anati masana ndi awo, chifukwa ndi nthawi ya alendo. Koma zitseko zikatsekedwa palibe amene amaona, ndipo nthawi imeneyo alibe nayo lamulo. Vuto linali lakuti mayi aang'ono ankachoka masana, choncho ntchito yofunditsa inagwera amene ankatseka zitseko madzulo. Onse awiri anatembenuka n'kundiyang'ana.

Ndi mmene ndinapezera udindo umene sunalembedwe pa kontirakiti yanga. Madzulo aliwonse mlendo womaliza akatuluka, ndinkazimitsa kugunda kwa phiri, n'kutenga chitenje m'kachipinda ka matsache, n'kukafunditsa mkazi uja ndi mwana wake. Poyamba ndinkachita mwamanyazi, ndikuyang'ana ngati mnzanga akundiona. Tsiku lina ndinapeza iye atagwira kale mbali ina ya chitenjecho, ali chete, zomwe kwa iye zinali zachilendo kwambiri. M'mawa mayi aang'ono ankafika, kunena bismillah, kuchotsa chitenje ndi manja awo, kuchikuntha, kuchipinda. Kenako ankandipeza pakhomo n'kundiuza kuti ndafunditsa mokhota, mapazi a mwana anali pamtunda, ndipo sakudziwa kuti mkazi amene ndidzamukwatire adzalimba bwanji.

Miyezi yoyesedwa inatha popanda dandaulo, ndipo kampani inawalemba mokhazikika. Tinakondwerera ku Karama ndi biriyani, mnzanga wa ku Chipata akulengeza kwa aliyense wofuna kumva kuti mayi awa ndi okhawo m'mbiri ya dziko amene anagonjetsa Vesuviyo ndi tsache. Iwo ankamuuza kuti atseke pakamwa akamatafuna, koma ankamwetulira.

Kutentha kutayamba, chionetsero chinatha. Amisiri anabwera kudzaphwasula msewu, phulusa linabwerera m'matumba, ndipo ulendo uno mayi aang'ono analoledwa kusesa mpaka kukhuta. Zoumba zija ankaziika m'mabokosi a matabwa kuti zipite kudziko lina. Pofika pa mkazi uja, Madamu anaimitsa amisiri n'kundituma kuti ndikafunse ngati chitenje chija chingagulidwe. Mayi aang'ono anati sichogulitsa. Anapita okha pa bokosilo, anamufunditsa, anapinda m'mphepete monga mwa masiku onse, n'kuuza mmisiri wa ku Pakistan m'Chichewa kuti akhome bwino. Iye anamva.

Masana amenewo ndinawaperekeza mayi aang'ono pamene ankadikirira basi, pamthunzi wa khoma la galaja. Chifukwa chosowa chonena, ndinayambitsa masewera athu aja komaliza.

"Ndiye mayi, likanapanda kuphulika?"

Anayamba anditembenuza kolala, anaiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba sanapezepo chonena. Anaibwezera bwinobwino n'kuisalaza ndi chikhatho.

"Kamwana kaja kakanakula," anatero. "Kakanatumidwa buledi, kakanakwatiwa, kakanakangana ndi anzake pachitsime, kakanakalamba n'kumwalira pamphasa pake. Palibe akanakadziwa, ngakhale iwe ndi ine. Ndi zomwe ndinkamufunira wanga."

Basi inafika, dalaivala akuimba hutala ndi kukuwa yalla. Anakwera ndi chikwama chawo chopepuka, ndipo ine ndinabwerera kukatseka zitseko.